Chithunzi Chikapindika, Musafulumire Kutaya Tepi

M'nyumba zambiri za ku Mangochi muli sutikesi yomwe inachokera ku Joni. Kuyambira ku Makanjira, Namwera mpaka ku Monkey Bay, n'kovuta kupeza mudzi wopanda mwana amene anapita ku Durban, Johannesburg kapena Cape Town kukasaka ndalama. Obwerera kumudzi cha m'ma 1990 ankabwera ndi mabulangete, njinga ndi wailesi za makaseti awiri, ndipo amene zinawayendera bwino ankatsika basi atakoleka kamera ya kanema paphewa. Television Malawi inayamba kuulutsa mu 1999, ndipo ngakhale itayamba sinkabwera kumudzi kudzajambula ukwati wa ndowa wa munthu wamba kapena tsiku limene anyamata akutuluka ku ndagala. Zambiri za moyo wa m'mbali mwa nyanja pa zaka zimenezo zili pa timakaseti ta m'masutikesi amenewa basi.

Banja lina la cha ku Malindi linali ndi timakaseti totere tinayi ta mtundu wa VHS-C, tija timalowetsedwa m'chikaseti chachikulu kuti tionetsedwe pa deki wamba. Anatijambula ndi bambo a pakhomopo, amene ankasoka zovala ku Durban. Munali ukwati wa mlongo wawo, munali manganje, munalinso mayi awo okalamba atakhala pamkeka akufotokoza m'Chiyao kumene makolo awo anachokera. Bambowo atamwalira, mwana wawo wamkazi anatenga timakaseti titatu n'kuwoloka nato mlatho kupita pa Boma, kwa mnyamata wina wowotcha nyimbo ndi mafilimu amene analemba pachitseko kuti amasamutsa matepi akale n'kuwaika pa fulashi. Kachinayi anakasiya chifukwa mkati mwake munkaoneka mbuu.

Zimene zinatuluka zinali zomvetsa chisoni. Kumtunda kwa chithunzi kunali kopindika, mitu ya anthu itapendekera kumbali n'kumanjenjemera. Mitundu inasowa, nsalu zonse za paukwati n'kungokhala zakuda ndi zoyera. Nkhope zinafutukuka, aliyense n'kuoneka wamfupi ndi wojintcha. Wovina akaponya mkono, m'mphepete mwake munkatuluka timizere topingasa. Pofika kumapeto, agogo ankatseka pakamwa mawu awo akumvekabe.

"Achimwene, bwanji zikuoneka chonchi?"

"Achemwali, matepiwa ndi akale, anatha ntchito. Inetu ndayesetsa, kwina sakanatulutsa n'komwe."

Anamukhulupirira, n'kulipira. Poti zonse zinali zitalowa pa fulashi, timakaseti tija tinasanduka zidole za ana, ndipo riboni yake inakathera kumunda wa mpunga, itamangidwa pa timitengo kuti iziopseza mbalame.

Mnyamatayo sanali wakuba, kungoti sankadziwa ntchito imene analemba pachitseko. Pa zolakwika zonse zija panalibe ngakhale chimodzi chotsimikiza kuti tepi inatha. Zitatu mwa izo zinachokera pa zimene anasankha, kapena kusasankha, pa kompyuta. Makamera ogulidwa ku South Africa kapena ku Britain amajambula mwa njira ya PAL, ya mizere 625 ndi zithunzi 25 pa sekondi, yomwenso timagwiritsa ntchito kuno. Ogulidwa ku America ndi ku Japan ndi a NTSC, ya mizere 525 ndi zithunzi pafupifupi 30. Pulogalamu ikamayembekezera NTSC koma ikulandira PAL, mitundu imathawa, nthawi zina chithunzi n'kumagudubuzika kapena kuduka m'munsi. Kujintcha kwa anthu kuja n'kukoka chithunzi cha 4:3 kuti chidzaze sikirini yamakono ya 16:9. Timizere topingasa nato si matenda: kanema wakale amajambula chithunzi chilichonse pawiri, koyamba mizere yodumphitsa kenako yotsalayo, magawo 50 pa sekondi. TV yachimbuyo inkadziwa kuwalumikiza, pomwe kompyuta imafunika kuuzidwa.

Vuto lenileni, limene silitha ndi kungodina batani, ndi kupindika kwa kumtunda kuja. Pa tepi ya VHS chithunzi sichilembedwa motsatira utali wa riboni. Chimalembedwa mopendekeka ndi timitu tiwiri tokhala pa dramu yozungulira maulendo 25 pa sekondi, riboni ikuyenda pang'onopang'ono, masentimita osakwana awiri ndi theka pa sekondi. Chithunzicho chimalukidwa mzere ndi mzere ngati mphasa: bango lililonse liyenera kuyambira pa mpendero womwewo, apo ayi mphasa ituluka yokhota. Tepi ikakhala zaka zambiri m'chipinda cha malata, imatanuka kapena kukhwinyata pang'ono, ndipo mizere ina imafika mochedwa, ina mofulumira. Kusiyanako n'kochepa kwambiri, koma n'kokwanira kupinda mutu wa munthu. TV zakale zinkalolera zimenezi, zinkatsatira mzere uliwonse mmene wabwerera. Tizipangizo totchipa tolumikizira deki ku laputopu pa USB tilibe chifundo chotere. Tikasokonezeka timapinda chithunzi kapena kutaya zithunzi zingapo, mawu n'kumapitirira okha, n'chifukwa chake agogo anatseka pakamwa nkhani isanathe.

Mankhwala ake ndi chipangizo chotchedwa TBC, chomwe chimalandira mzere uliwonse, kuusunga kamphindi, n'kuutulutsa pa nthawi yake. Chimapezeka mkati mwa madeki ena a S-VHS a JVC ndi Panasonic, ndiponso m'makamera ena a Hi8 ndi Digital8 a Sony. Amene alibe zimenezi amadutsitsa chithunzi m'makina ena akale ojambulira DVD a Panasonic, monga DMR-ES10 ndi DMR-ES15, amene amawongola mizere chisanafike pa kompyuta. Njira yachidule yodziwira kumene kuli vuto ndi iyi: lumikizani deki yomweyo ku TV yachimbuyo. Chithunzi chikaoneka bwino pamenepo, tepi ilibe mlandu. Ndipo kamzere kophiriphitha m'munsi mwenimweni mwa chithunzi kasakuvutitseni. Kamakhalapo pa tepi iliyonse ya VHS, pamalo pamene kamutu kamodzi kamasiyira kanzake, kungoti m'mphepete mwa TV zakale munkakabisa.

Palinso nkhani ya kuumira kwa makolo athu, ndipo sindikuwadzudzula, poti kakaseti ka mphindi 45 sikakwanira ukwati wa ku Mangochi. Ambiri ankaika kamera pa LP kuti kakaseti komweko katenge mphindi 90. Pa LP riboni imayenda theka la liwiro lake ndipo timizere tolembedwa timakhala topyapyala, choncho deki ina imavutika kutitsata. Mukaona chilamba cha chipwirikiti chikudutsa pakati pa chithunzi, sinthani tracking pamanja kapena yesani deki ina musanagamule chilichonse. Kamera imene inajambula tepiyo, ngati ikadali yamoyo, nthawi zambiri ndiyo imaiwerenga bwino kuposa makina ena onse, ndiye musaigulitse kwa ogula zitsulo ntchito isanathe.

Kakaseti kachinayi kaja kanali ndi tsoka lakelake. Mbuu uja chinali chuku. Kutentha kwa October ndi November, kutsatana ndi chinyontho cha dzinja m'mbali mwa nyanja, n'kumene chuku chimakonda, ndipo kumafooketsanso guluu wogwira tifumbi ta chitsulo timene timasunga chithunzi pa riboni. Mu 2024 nyanja itakwera mpaka kulowa m'nyumba ndi m'malo ogona alendo m'magombe a Mangochi, masutikesi a pansi pa bedi ndiwo anali oyamba kunyowa. Mphwake wa malemu uja, pofuna kungoona chimene chinalimo, analowetsa kakasetiko mu deki yobwereka. Chithunzi chinaoneka kanthawi kochepa, chooneka bwino ndithu, kenako sikirini yonse inangoti waa. Anatulutsa, n'kuyesa filimu ina imene mwini deki ankaonera dzulo lake, nayonso waa. Chuku chinali chitamata timitu. Pobweza kakaseti kaja m'mbuyo mwaliwiro, riboni imene inali itamatirirana inang'ambika.

Matepi onse akayamba kuonetsa chipwirikiti nthawi imodzi, ndiye kuti timitu tada, osati kuti matepiwo afufutika. Timitu timapukutidwa ndi mankhwala a isopropyl pa kapepala kosalala, dramu ikuzunguliridwa ndi chala pang'onopang'ono. Osagwiritsa ntchito thonje, osapukuta chokweza ndi chotsitsa, chifukwa kamutu kamathyoka msanga. Tepi ya chuku kapena yonyowa siyenera kulowa m'makina isanaume pamthunzi ndi kutsukidwa ndi wodziwa, ndipo iikidwe payokha kuti isapatsire zinzake. Padzuwa la ku Mangochi musaiyanike n'komwe.

Amene muli ndi timakaseti ta Video8 kapena Hi8, musavutike kufunafuna chikaseti chotilowetsa mu deki ya VHS. Kulibe, ndipo sichinapangidwepo, poti riboni yake ndi ya mamilimita 8 pamene ya VHS ndi theka la inchi. Timafuna kamera kapena deki yamtundu wake. Makina onsewa akutha: kampani ya Funai ya ku Japan, yomaliza yodziwika kupanga madeki a VHS, inasiya mu July 2016, ndipo otsalawo malamba awo akuuma m'mashelefu a okonza mawailesi.

Mukamapita nako kakaseti kwa wosamutsa, yambani mwathyola kapena kukankha kachotsekera kake kuti wina asajambulepo mwangozi. Pemphani kuti asamutse mphindi zochepa muone musanavomere ntchito yonse, ndipo mumufunse ngati ali ndi TBC. Akakuyang'anani modabwa, nyamulani timakaseti tanu. Funsaninso kukula kwa fayilo. Ola limodzi losamutsidwa mwa njira ya DV limadya pafupifupi 13 GB, ndiye matepi atatu akakwana pa fulashi ya 2 GB, dziwani kuti zambiri zafinyidwa n'kutayika. Yotumizira abale a ku Joni pa WhatsApp ipangidwe payokha kuchokera pa fayilo yaikuluyo. Timakaseti tibwerere kunyumba, tiimikidwe chilili pashelefu ya m'chipinda chozizirirapo, kutali ndi masipika ndi denga la malata.