Dziwani Ufulu Wanu: Mafuta ndi Mankhwala Akatayikira Pansi Kufakitale

Ogwira ntchito m'mafakitale a ku Makata, Ginnery Corner, Chirimba ndi Limbe amadziwa kuti mafuta a injini, dizilo kapena asidi akatayikira pansi, munthu amaterereka, kupsa khungu kapena kubanika ndi fungo.

Gawo 31 la Malamulo Aakulu a dziko lino limapatsa aliyense ufulu wogwira ntchito motetezeka. Lamulo la chitetezo ndi umoyo pantchito la 1997 limalamula olemba ntchito kusamalira makina ndi mapaipi, kukuphunzitsani kuopsa kwa mankhwala, komanso kukupatsani magolovesi, majombo ndi zotchinga kumaso. Musalole kukolopa asidi ndi manja chabe.

Mukaona paipi ikudontha, chenjezani anzanu, dziwitsani kapitawo, ndipo tchingani zodonthazo ndi mchenga zisanafike mungalande. Zolowa mungalande zimathera m'mitsinje monga Mudi, imene anthu akumunsi amachapira ndi kuthirira madimba. Bungwe loteteza zachilengedwe la MEPA limalandira madandaulo otere.

Mukavulala, pitani kuchipatala msanga, sungani zikalata zonse, ndipo kanenereni ku ofesi ya zantchito. Lamulo la chipukuta misozi la 2000 limakutetezani. Moyo wanu ndi wamtengo wapatali kuposa katundu aliyense.