Kusunga Mtima ndi Chiyanjano pa Nthawi ya Mliri: Mafunso ndi Mayankho

Kodi pa nthawi ya Covid-19 ku Zomba kuno anthu anabindikiritsidwa m'nyumba monga tinkamvera za maiko ena?

Iyayi. Boma litalamula kuti kuyambira pa 18 Epulo 2020 anthu onse abindikire masiku 21, Khoti Lalikulu linaimitsa lamulolo kutatsala tsiku limodzi, popeza a bungwe la HRDC anadandaula kuti aumphawi, amene amadya zimene apeza tsiku lomwelo, boma silinawakonzere pogwira. Komatu ngakhale makomo sanatsekedwe, chiyanjano chathu chinaphwasuka ndithu: sukulu zinali zitatsekedwa kale pa 23 Malichi, ophunzira a ku yunivesite anachoka ku Chirunga, ndipo anyamata ogulitsa zipatso m'mbali mwa msewu wokwera ku Chawe ankaswera osaona mlendo. Mu Januwale 2021, nduna ziwiri, a Sidik Mia ndi a Lingson Belekanyama, zitamwalira tsiku limodzi, kuyenda kunaletsedwa kuyambira 9 koloko usiku, misonkhano inachepetsedwa kufika pa anthu 50, ndipo nyumba ya boma ya ku Zomba inasandutsidwa chipatala cha odwala Covid-19.

Nanga mukuneneranji za mtima, pamene nthendayo inkagwira mapapo?

Chifukwa mliri unakantha pamene pagona mphamvu yathu ife Amalawi. Makolo anati maliro n'kulirana. Koma m'masiku amenewo mayi wofedwa, amene mwa mwambo akanakhala m'siwa atazingidwa ndi anzake a chigwirizano oyimba usiku wonse, anaimirira patali, pakamwa ndi pamphuno ataphimba, akuona anthu ovala zoyera thupi lonse akutsitsa bokosi limene sanaloledwe kulitsekula kuti aone nkhope ya mwamuna wake. Chisoni chimene sichinaliridwe pamodzi sichichoka msanga. Chimatsalira m'kati ngati chikuni chonyeka pansi pa phulusa. Onjezanipo mantha a imfa, kutha kwa ganyu, ngongole, ndi ana osowa chochita pakhomo, pamenepo mudzaona kuti ambiri amene sanatsokomoleko anadwala ndithu.

Kodi munthu angazindikire bwanji kuti nkhawa yasanduka nthenda?

Kuda nkhawa pa nthawi ya zoopsa si chachilendo. Koma ngati papita masabata awiri kapena kuposerapo munthu asakupeza tulo, chakudya chisakumukomera, zimene zinkamukondweretsa zitamutayikira, akupsa mtima pa zazing'ono kapena akuthawira ku kachasu, pamenepo afunika thandizo. Abambo makamaka ndiwo amabisa, poti analeredwa ndi mawu akuti mwamuna salira, ndipo ine ndikuti mawu amenewa atiphera anthu ambiri. Wina akanena kuti moyo wamukwana, musamudzudzule kapena kumuseka. Mufunseni mosabisa ngati akuganiza zodzipha, chotsani chingwe ndi mankhwala a mbewu pafupi, ndipo musamusiye yekha.

Pa nthawi ya mliri, tingachezerane bwanji akaletsa kukhudzana?

Chimene a zaumoyo analetsa ndi kuyandikizana kwa matupi, osati kuzondana. Mungathe kuima pa mpanda, kuodira, ndi kufunsa agogo mmene adzukira. Mungathe kuwasiyira ndowa ya madzi ndi kamtolo ka nkhuni pakhonde. Chipepeso chimafika ndi Mpamba kapena Airtel Money, koma chitsagane ndi mawu a pakamwa, pakuti mayunitsi ochepa amene mwaimbira wofedwa patapita mwezi, anthu onse ataiwala, amalemera koposa ndalamazo. Musavutike kufunafuna mawu anzeru: abwenzi a Yobu anamutonthoza bwino masiku aja anangokhala naye chete, ndipo anayamba kumulasa atatsekula pakamwa. Akulu a mpingo ndi a ku mzikiti agawane maina a okalamba ndi okhala okha, kuti pasapezeke wogona sabata yathunthu osamva liwu la munthu.

Ndiponso ife a ku Zomba tinapatsidwa phiri. Kukwera m'mawa awiriawiri, motalikirana, kulowera ku damu la Mulunguzi, kumapeputsa maganizo ndi kubweza tulo. Mauthenga oopseza a pa WhatsApp achepetseni, makamaka usiku.

Zikapitirira, thandizo lili kuti?

Yambirani pa chipatala chimene muli nacho pafupi, kumene angakutumizeni kwa odziwa za matenda a maganizo. Chipatala chachikulu cha boma cha matendawa, Zomba Mental Hospital, chili mu mzinda wathu womwe uno, ndipo n'zomvetsa chisoni kuti ambiri amachiopa poganiza kuti n'cha amisala okhaokha, chikhalirecho ambiri amaonana ndi dokotala, kulandira uphungu kapena mankhwala, n'kubwerera kwawo tsiku lomwelo. Ana ozunzika pakhomo aimbe 116, nambala yaulere imene amayankha a YONECO, bungwe limene likulu lake lili konkuno. Inu amene mwawerenga mawu awa, ngati pali mbale wanu amene wangoti zii masiku ano, musadikire kuti ayambe ndiye. Muimbireni lero, ndipo ngati nkofunika mumuperekeze ku chipatala.