PHUNZIRO LA NYIMBO: MIZERE ISANU NDI MFUNGULO YAKE

Inu akatekisiti ndi atsogoleri a makwaya a m'parishi ya Namwera, tiyambe phunziro lathu ndi zimene zidatigwera chaka china pokonzekera Pasaka.

Ndidabwereketsa buku langa kwa mnyamata wina wa ku nthambi kuti akakopere nyimbo ya mau anayi. Adakopera mwaukhondo ndithu, noti iliyonse pamalo pake. Koma chizindikiro chopotana cha kumayambiriro kwa mizere adachisiya, poyesa kuti nchokometsera chabe cha osindikiza. Tsono woimba limba wa kwaoko, posachipeza chizindikirocho, adawerenga mizere ya abesi monga amawerengera ya asopulano, naphunzitsa amuna paokha milungu inayi. Loweruka Loyera makwaya onse atasonkhana, amuna aja adaimba ndi mtima wonse, koma zomveka zake zidali ngati achule a m'dambo mvula itagwa. Mlandu sudali wa mnyamatayo ai. Udali wathu, ife amene sitidamuuzepo ntchito ya chizindikiro chimenecho.

Nyimbo zimalembedwa pa mizere isanu yogona, ndipo pakati pa mizereyo pali mipata inayi. Timawerenga kuyambira pansi kukwera m'mwamba, monga munthu akwerera makwerero a nkhokwe. Noti, ndiye kadontho kozungulira kaja, imakhala pa mzere kapena mu mpata. Ikakhala m'mwamba liu lake nlokwera, ikakhala pansi liu lake nlotsika. Maina a manoti ndi malemba asanu ndi awiri: A, B, C, D, E, F, G. Mukafika pa G muyambiranso pa A. Tambasulani dzanja lanu chogoneka, chikhato chikuyang'ana kwa inu: zala zisanu ndiyo mizere, mipata ya pakati pa zala ndiyo mipata, ndipo kachala kakang'ono ndiko mzere woyamba.

Nzeru imeneyi idabadwira mu Eklezia. Isidoro Woyera wa ku Sevilla, amene adamwalira m'chaka cha 636, adalemba kuti mau a nyimbo amatayika ngati munthu sawasunga m'mutu, pakuti kuwalemba nkosatheka. Pambuyo pake amonke adayamba kujambula tizizindikiro pamwamba pa mau a pemphero, koma timeneti tinkangokumbutsa munthu nyimbo imene adaidziwa kale. Cha m'ma 1025 mmonke wa chipani cha Benedikito Woyera, Guido wa ku Arezzo m'dziko la Italy, adakonza njira yoika manoti pa mizere ndi m'mipata, nalemba lemba kumayambiriro kwa mzere kuti liutche dzina. Mzere wa F adaupaka utoto wofiira, wa C wachikasu. Apapa Yohane XIX adamuitana ku Roma, ndipo iwo eni adakhoza kuimba ndime imene sadaimvepo, pongoyang'ana buku la Guido. Iyeyu adanena kuti maphunziro a woimba, amene kale ankatha zaka 10, tsopano adzatha chaka chimodzi kapena ziwiri. Lemba lija la kumayambiriro ndilo lidasanduka chizindikiro chimene mnyamata wathu adachisiya. Pa Chifalansa amachitcha clef, ndiye kuti mfungulo, chifukwa popanda icho mizere ili ngati nyumba yotseka.

Mverani bwino apa, pakuti ndipo pagona phunziro lonse. Mzere ulibe dzina mwa iwo wokha. Mfungulo imapatsa dzina mzere umodzi, ndipo maina ena onse timawapeza powerenga kuchokera pamenepo.

Mfungulo yoyamba ndi ya G. Kale idali lemba G lenileni, koma manja a alembi adalipotoza kufikira lidaoneka monga liliri lero. Mimba yake imazinga mzere wachiwiri, ndipo mzere umenewo ndiye G. Motero mpata wa pamwamba pake ndi A, mzere wachitatu ndi B. Mukatsika, mpata woyamba ndi F, mzere woyamba ndi E. Mizere yonse kuchokera pansi ndi E, G, B, D, F, mipata ndi F, A, C, E. Amayi ndi ana, asopulano ndi aaluto, amaimbira mfungulo imeneyi. Atenala nawonso kawirikawiri amailandira, ili ndi kanambala 8 kunsi kwake, kusonyeza kuti mau ao amamveka pansi, pa noti yachisanu ndi chitatu mukawerenga kuyambira pa yolembedwayo.

Yachiwiri ndi ya F, ya abesi. Ili ndi timadontho tiwiri, kena pamwamba kena pansi pa mzere wachinayi, ndipo mzere umenewo ndiye F. Mizere yake ndi G, B, D, F, A, mipata ndi A, C, E, G. Onani tsono: noti ya pa mzere woyamba ndi E kwa asopulano, koma ndi G kwa abesi. Woimba limba uja adaphonya dzina la noti iliyonse ndi masitepe awiri, kuyambira poyamba mpaka pa Amen.

Ana a sukulu ndimawathandiza ndi chiganizo ichi cha pamsika: "Eya, Gulani Bonya, Dowe, Futali." Malemba oyamba ndiyo mizere ya mfungulo ya G. Kwa abesi chotsani "Eya", muonjeze "Amayi" kumapeto. Koma inu akuluakulu ndingakonde kuti muzolowere kuwerenga kuchokera pa mfungulo, chifukwa chiganizo chimaiwalika pamene mfungulo ili pomwepo pa tsamba.

Liu likapitirira mizere isanu timajambula kamzere kapadera. Kofunika koposa ndi kamene kali kunsi kwa mizere ya asopulano, komwenso kali pamwamba pa mizere ya abesi: pamenepo pamakhala C wa pakati pa limba. Mabuku akale a nyimbo za Gregorio, amene tidaphunzira ku seminale, ali ndi mizere inayi yokha ndi manoti a ngodya zinayi, koma lamulo lake ndi lomweli.

Wina adzafunsa kuti: Bambo, ife timaimba d, r, m, f, s, l, t kuyambira ubwana wathu, mizereyi itipindulira chiyani? Solofa sindiinyoza konse. Ambiri mwa maina ake adachokera kwa Guido yemweyo, amene adawatola m'nyimbo ya Chilatini yolemekeza Yohane Woyera Mbatizi. Ndipo kalembedwe ka malemba okhaokha kadakonzedwa ku Mangalande ndi mayi Sarah Glover, nkufalitsidwa ndi mbusa John Curwen kuyambira 1841, kenaka kadafika kuno ndi sukulu za amishoni. Koma do wa solofa amasamuka, pamene C sasuntha. Limba limadziwa C, silidziwa do wanu. Ndiponso kuno kwathu kuli msampha wina. Dayosizi ya Mangochi, imene idakhazikitsidwa m'chaka cha 1973 ndi Ambuye Alessandro Assolari monga episkopi woyamba, idaleredwa ndi ansembe ambiri a ku Italy. Ndipo anzathu a ku Mandimba, kuseri kwa Chiponde, amaphunzira m'Chipwitikizi. Kwa Ataliyana ndi Apwitikizi, Do ndi C nthawi zonse. Tsono mlendo wotere akanena kuti "yambani pa Sol" akutanthauza G wa pa limba, pamene inu mumva s wa kiyi imene mulimo. Pa mizere mkangano umenewu kulibe.

Kupeza do sikuvuta. Yang'anani pafupi ndi mfungulo. Ngati palibe chizindikiro china, do ndi C. Ngati pali mashapu, aja ooneka ngati kampanda, shapu yotsiriza ya kudzanja lamanja ndi t. Kwerani sitepe imodzi, mwapeza do. Ngati pali mafulati, aja onga b wamng'ono, yotsiriza ndi f. Chitsanzo: mfungulo ya G, shapu imodzi pa mzere wachisanu, ndiye F. Do ndi G. Manoti a pa mzere wachiwiri, mpata wachiwiri ndi mzere wachitatu, G, A, B, muwaimba d, r, m.

Msonkhano Wachiwiri wa ku Vatikano, m'chaka cha 1963, udalamula kuti nyimbo za makolo a m'maiko a mishoni zilemekezedwe ndi kupatsidwa malo m'mapemphero. Chiyambire pamenepo anthu athu apeka nyimbo zambiri m'Chichewa ndi m'Chiyao, koma zochuluka zili m'mitu ya opeka okha, ndipo zina zidapita nawo kumanda monga adanenera Isidoro. Ndifuna kuti nthambi iliyonse ikhale ndi munthu mmodzi wodziwa kuzilemba.

Ntchito ya milungu iwiri ino nayi. Lembani mizere isanu pa bolodi kapena pa mchenga kunja kwa tchalitchi, mujambule mfungulo ya G, ndipo aliyense wa m'kwaya aike kamwala pamene mwatchula. Mawa lake fufutani mfungulo, mujambule ya F, miyala ili pomwepo, ndipo muwafunsenso maina. Akatekisiti adzabwere ndi makope ao pa msonkhano wa mwezi uno. M'nyuzi yotsatira tidzaona za kutalika kwa manoti.