Phunziro: Cifukwa Ciani Phiri Limagumuka?

Werengani Genesis 2:15 ndi Mateyu 7:24-27.

Abale ndi alongo, cilala ca 2024 cinakakamiza ambiri kuocha makala ndi kutsegula minda m'mapiri kuti ana adye. Njala ija tinaiona tonse. Koma phiri lopanda mitengo limabweza mkwiyo wake mvula ikabwerera.

Mu Marichi 1991 phiri la Michesi ku Phalombe, m'Malawi, linagumuka itagwa mvula yamphamvu. Matope ndi miyala zinakwirira midzi, ndipo anthu mazana ambiri anafa. Mu Marichi 2023 namondwe Freddy anacita cimodzimodzi pa phiri la Soche ku Blantyre. Makolo ankati wadutsa Napolo, koma zifukwa zake n'zooneka ndi maso.

1. Madzi. Nthaka youma imang'ambika. Mvula ikagwa masiku otsatizana, madzi amalowa m'ming'alu, dothi limalemera ndiponso limaleka kugwirana.

2. Thanthwe la pansi. Pamapiri ambiri dothi ndi locepa, longokhala pamwamba pa mwala. Madzi akafika pamwalapo sapitirira. Amatereretsa dothi lonse monga mphasa pa simenti yonyowa.

3. Kutsetsereka. Malo akatsetsereka kwambiri, kulemera kwa dothi kumalikokera kunsi.

4. Mizu. Mizu ya mitengo imamanga nthaka ndi kumwa madzi. Mtengo ukadulidwa, mizu imaola pang'onopang'ono, motero ngozi ingadze patapita zaka zingapo.

5. Kukumba m'tsinde. Wokumba miyala, dothi la njerwa kapena malo a nyumba m'tsinde mwa phiri akucotsa mzati wa phirilo.

Zizindikiro: ming'alu yatsopano pansi kapena pakhoma, mitengo yopendekera, kasupe wotumphuka pamene panalibe, mtsinje wosanduka matope mwadzidzidzi. Mukaona izi cokani msanga, ngakhale usiku, ndipo dziwitsani mfumu ndi akulu a mpingo.

Zoyenera kucita: musamange nyumba m'khwawa kapena kunsi kwa phompho. Pamalo otsetsereka pang'ono limani mizere yopingasa ndi kubzala udzu wa vetiva. Pamalo otsetsereka kwambiri musalimepo, lekani zitsa ziphukire, ndipo musatenthe thengo.

Mulungu anaika munthu m'munda kuti aulime, komanso kuti ausunge.

Mafunso okambirana:
(a) Ndi nyumba ziti m'dera lathu zimene zili pangozi?
(b) Mpingo wathu ungabzale mitengo paphiri liti dzinja lino?