Kusankha Nsomba Zodya Ndere m'Maiwe a ku Midrand

Amalawi ambiri amene amagwira ntchito pa mapuloti a ku Glen Austin ndi President Park ku Midrand amasamalanso maiwe, ndipo dandaulo lawo nthawi ya dzinja limakhala la ndere. Mlangizi asafulumire kutchula nsomba. Ayambe waona mtundu wa nderezo, pakuti si nsomba iliyonse imene imadya ndere zamtundu uliwonse. Ngakhale oweta nsomba za m'nyanja ya mchere m'mabokosi a galasi amatsata lamulo lomweli.

Pali ndere zosaoneka ndi maso zimene zimangobiriwitsa madzi. Izi si mdani, ndi chakudya. Mlangizi aviike mkono m'madzi: ngati chikhato chazimirira chigongono chisananyowe, ndiye kuti zachulukitsa, ndipo manyowa ayambe alekeka. Ndere zotere zimatha mpweya usiku, motero nsomba zimapezeka zikupuma pamwamba mbandakucha. Nsomba yoyenera pamenepa ndi makakana a ku Lower Shire (Oreochromis mossambicus), amenenso ndi a chilengedwe m'mitsinje yotentha ya ku South Africa. Kadyedwe kake nkofanana ndi ka makumba amene alimi a ku Zomba amaweta.

Ndere zonga ulusi, zoyalana ngati mphasa, pamodzi ndi udzu wa m'madzi, zimafuna chilunguni (Coptodon rendalli), chimene chili ndi mano oduladula masamba. Ku Domasi, m'zaka za m'ma 1990, ofufuza a boma ndi a bungwe la ICLARM ankalimbikitsa alimi kuweta chilunguni pamodzi ndi makumba popeza sizilimbirana chakudya kwenikweni.

Koma Midrand si Domasi. Dera limeneli lili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,500 kuchokera pa nyanja yaikulu, ndipo chisanu chimagwa mu Juni ndi Julaye. Nsomba ziwirizi zimaleka kudya madzi akazizira kufika madigiri 16, ndipo zimayamba kufa akayandikira madigiri 10. Dziwe losaya lingathe kutaya nsomba zonse m'masiku ochepa, ndipo mlandu umagwera wantchito. Choncho mbewu iikidwe mu Okutobala, nsomba zikololedwe Meyi asanafike, kapena dziwe litchingidwe ndi pulasitiki. Mwini puloti akafuna nsomba zokhalamo chaka chonse, kansomba kotchedwa vleikurper (Tilapia sparrmanii) kamapirira kuzizira kuposa zinzakezi, ngakhale sikakula kwambiri.

Nile tilapia imakula msanga, ndipo ambiri amaisirira. Komabe malamulo a mu 2014 a ku South Africa anaiika m'gulu la zamoyo zachilendo zoononga, chifukwa imaswana ndi makakana nkusokoneza mtundu wake, monga zachitikira mu mtsinje wa Limpopo. Mlangizi aumirize mlimi kufunsa za chilolezo ku ofesi yoona zachilengedwe ya Gauteng asanagule mbewu iliyonse, ndiponso amuletse kuitanitsa tiana ta nsomba kuchokera kumudzi pa basi.