Cheza ndi chitetezo cha m'thupi polimbana ndi khansa yokhwima

Khansa ya khomo la chiberekero ndiyo imapha amayi ambiri m'Malawi muno kuposa khansa ina iliyonse, ndipo ochuluka amafika kuchipatala itakula kale moti opaleshoni siingathandize. Pamenepo madokotala amadalira makina otulutsa cheza champhamvu chowotcha chotupacho, pamodzi ndi mankhwala otchedwa cisplatin. Posachedwapa pawonjezeka njira yachitatu, yomasula chitetezo cha m'thupi kuti nacho chimenye nawo nkhondoyi.

Thupi lili ndi asilikali otchedwa maselo a T, amene amasaka ndi kupha maselo osokonekera. Asilikaliwa ali ndi chowaletsa chotchedwa PD-1, chowagwira kuti asawononge ziwalo zabwino. Khansa imapezerapo mwayi: imagwiritsa ntchito choletsachi kuti asilikali aidutse osaikhudza. Mankhwala monga pembrolizumab amatsekereza PD-1, asilikali n'kumasuka. Tasuku Honjo wa ku Japan, amene anatulukira PD-1, analandira mphoto ya Nobel mu 2018 pamodzi ndi James Allison wa ku America.

Cheza chikapha maselo a khansa, zidutswa zake zimamwazika, ndipo asilikali amazizindikira n'kudziwa mdani woti amusake. Zili ngati pa uzimba: moto umavumbulutsa nyama m'tchire, koma agalu akakhala pachingwe nyamayo imapulumuka. Cheza ndiwo motowo, ndipo pembrolizumab ndiye womasula agalu.

Njirayi inayesedwa pa kafukufuku wotchedwa KEYNOTE-A18, wa amayi 1,060 a m'maiko 30 amene khansa yawo inali itakula koma isanafalikire ku ziwalo zakutali. Onse analandira cheza ndi cisplatin, ndipo theka anawawonjezera pembrolizumab. Patapita zaka 3, amayi pafupifupi 83 pa 100 alionse mwa owonjezeredwawo anali moyo, pamene mwa enawo anali 75. Mu Januwale 2024 bungwe la FDA ku America linavomereza chithandizochi.

Kusiyana kwa amayi 8 pa 100 si kochepa kwa mabanja awo, komabe chithandizochi si chozizwitsa. Asilikali omasulidwa nthawi zina amatembenukira chithokomiro, mapapo kapena matumbo, choncho wodwala ayenera kuyezedwa pafupipafupi. Mankhwalawo amaperekedwa pa diripi kwa zaka pafupifupi 2, ndipo ndi okwera mtengo kwambiri.

Ngakhale ndi chithandizo chonsechi, amayi 17 pa 100 alionse sanafike chaka chachitatu. N'chifukwa chake mafumu, makhansala ndi makomiti a chitukuko ayenera kulimbikira pa zimene zili pafupi: katemera wa HPV, amene boma linayamba kupereka kwa atsikana a zaka 9 mu 2019, ndi kuyezetsa khomo la chiberekero kuchipatala. Mayi wotaya magazi atagona ndi mwamuna, kapena atasiya kale kusamba, asadikire ululu. Apite kuchipatala sabata yomweyo.