Galimoto yakale ya agogo iyendanso

Tiwerenge

1. Land Rover ndi galimoto yotani?

Land Rover ndi galimoto yolimba. Imayenda m'matope. Imayenda pamiyala. Imakwera zitunda. Magalimoto ambiri amakoka ndi magudumu 2 okha. Land Rover imatha kukoka ndi magudumu onse 4. Magudumu akumbuyo akaterera, akutsogolo amakoka.

Galimotoyi idacokera ku England, mumzinda wa Solihull. Adaiganiza ndi Maurice Wilks pamodzi ndi mkulu wake Spencer Wilks. Iwo ankafuna galimoto yothandiza alimi. Yoyamba idaonetsedwa kwa anthu mu 1948, ku Amsterdam.

Nthawi imeneyo nkhondo yaikulu ya dziko lonse idali itangotha, ndipo citsulo cidali cosowa. Cotero thupi la galimotoyi adalipanga ndi aluminiyamu, wonga wa mapoto ophikira. Aluminiyamu sacita dzimbiri lofiira. N'cifukwa cake ma Land Rover akale akadalipo mpaka lero.

2. Galimoto ya kuseri kwa nkhokwe

Pamudzi wina ku Angónia padali Land Rover yakale. Idali ya agogo aamuna. Idali ya mtundu wa Series III, umene unkapangidwa kuyambira 1971 mpaka 1985. Galimotoyo idaima zaka zambiri kuseri kwa nkhokwe. Matayala adaphwa. Udzu udamera pansi pake. Nkhuku zinkaikira mazira pampando.

Mudziwo uli kutali ndi Ulongwe. Mvula ikagwa, msewu umaterera. Mbatata zimaola zisadafike kumsika. Wodwala amapita kucipatala panjinga kapena pangolo, ndipo amafika mocedwa.

Tsiku lina banja lidakhala pansi. Amalume, amene ndi makaniko, adati: "Atate, galimotoyi siidafe. Ikudwala cabe. Mundilole ndiiphwasule."

Agogo adafunsa kuti: "Ukaiphwasula, udzatha kuimanganso?"

Amalume adayankha kuti: "Ndidzatha, ngati sititaya kanthu ngakhale kamodzi."

3. Kuphwasula

Nchito idayamba anthu atatha kukolola. Ana adasesa pabwalo. Amayi adabweretsa zitini ndi matumba. Amalume adabweretsa masipanala, jeke, coko ndi kope.

Poyamba amalume adacotsa batire. Kenaka adakhetsa mafuta onse m'zigubu ndi kuzitseka bwino. Adacotsa denga, zitseko, mipando ndi nyali. Zigawo za Land Rover yakale n'zomanga ndi mabawuti. Munthu angathe kuzimasula ndi sipanala.

Asadamasule cinthu, amalume ankacijambula m'kope. Akamasula, ankaika mabawuti ake m'citini cakecake. Pacitini ankalemba dzina ndi coko: CITSEKO, MPANDO, GUDUMU.

Mabawuti ena adakana kumasuka cifukwa ca dzimbiri. Amalume sadalimbane nawo. Adawathira oyilo, nawasiya usiku wonse. M'mawa adamasuka.

Injini ndi yolemera kwambiri. Amuna a pamudzi adaimika mitengo 3 yolimba, napacikapo cheni. Adaikweza pang'onopang'ono. Ana adaonerera ali patali.

Pomaliza padatsala chasisi. Chasisi ndi citsulo cacitali cimene cimanyamula galimoto yonse. Imaoneka ngati makwerero ogoneka pansi.

4. Nati imodzi yasowa

Gudumu lililonse la Land Rover limamangidwa ndi manati 5. Magudumu ndi 4. Manati onse ndi 20.

Amalume adauza mwana wa mlongo wao kuti awerenge manati. Mtsikanayo adawayala pathumba. Adawerenga, napeza 19. Adawerenganso, napezanso 19.

"Amalume, nati imodzi palibe!"

Onse adafunafuna. Adayang'ana mumcenga. Adayang'ana pansi pa nkhokwe. Mlongo wake wamng'ono adangokhala cete, atagwira galimoto yake yamawaya. Nati ija idali pamenepo. Iye adaisandutsa nyali.

Mnyamatayo adaimasula, naipereka ndi manja awiri. "Ndi iyi, amalume. Ndimayesa yatha nchito."

Amalume adamukhazika pamwendo nati: "Mphwanga, nati ndi yaing'ono koma imagwira gudumu. Manati akaperewera, gudumu lingaguluke pamsewu, anthu n'kuvulala." Kenaka adampatsa zotsekera mabotolo 2 kuti zikhale nyali.

5. Kukonza

Chasisi ndi yacitsulo, ndipo imacita dzimbiri. Amalume adaipala ndi burashi yawaya. Adaigogoda ndi nyundo malo ndi malo. Pamene padali polimba padalira bwino. Pamene padadyeka padabooka. Adaikweza pangolo, napita nayo kwa munthu wowocherera zitsulo. Itabwerera, adaipaka penti yakuda kuti dzimbiri lisabwerenso.

Kenaka adatsegula injini. M'kati mwake muli mapisitoni 4. Mapisitoni amakwera ndi kutsika, ndipo mphamvu yao ndiyo imazunguza magudumu. Amalume adatsuka zonse. Zabwino adazisunga. Zoperepeseka adaziika padera.

Zina sizikonzeka ndi manja. Mabuleki, batire ndi matayala zidafunika zatsopano. Agogo adagulitsa mbuzi. Amayi adagulitsa nyemba. Ndalama zikatha, nchito inkaima. Zikapezeka, inkapitirira. Padapita miyezi yambiri.

6. Kumanganso

Amalume adatsegula kope lija. Adayambira kumapeto kubwerera kumayambiriro. Cimene adacotsa pomaliza ndico adayamba kubwezera. Citini ciliconse cidapereka mabawuti ake. Zitini zonse zidatsala zopanda kanthu.

Adathira oyilo mu injini. Adathira madzi mu redieta. Adalumikiza batire. Injini idatsokomola kawiri, kenaka idalira. Amayi adalulutira.

Ana adafuna kukwera, koma amalume adakana. Adayamba ayesa mabuleki ali okha. Adayesa nyali ndi ciwongolero. Adakonzetsanso mapepala a galimoto kuboma.

Mvula yoyamba itagwa, msewu udaterera. Pafupi ndi giya pali kandodo ka mutu wacikasu. Amalume adakakankhira pansi. Magudumu onse 4 adakoka, ndipo galimoto idadutsa m'matope. Tsiku limenelo idanyamula matumba a mbatata ndi mayi wina woyembekezera amene ankapita kucipatala.

Tikumbukire

Mwana asalowe pansi pa galimoto.
Mwana asakhudze batire. Madzi ake amaocha khungu ndi maso.
Moto ndi macesi zikhale kutali ndi petulo.
Mwana akatola nati kapena bawuti, apereke kwa akulu.
Akatha kuthandiza, asambe m'manja ndi sopo.

Mawu atsopano

makaniko: munthu wokonza magalimoto
kuphwasula: kucotsa zigawo za cinthu cimodzicimodzi
sipanala: cida comangira ndi kumasulira manati
jeke: cida cokwezera galimoto
dzimbiri: zofiira zimene zimadya citsulo cikanyowa
redieta: mosungira madzi oziziritsa injini

Tichule pamodzi

ga   ge   gi   go   gu
ga-li-mo-to
gu-du-mu
a-go-go
gi-ya

Mafunso

1. Kodi Land Rover idacokera kudziko liti?
2. Kodi imatha kukoka ndi magudumu angati?
3. N'cifukwa ciani banja lidafuna kukonza galimoto?
4. Amalume ankacita ciani asadamasule cinthu?
5. Nati yosowa idapezeka kuti?
6. N'cifukwa ciani amalume adakaniza ana kukwera tsiku loyamba?

Tiwerengere

Tolani timiyala 20. Tiikeni m'magulu 4 ofanana. Gulu lililonse lili ndi timiyala tingati?
5 + 5 = ___
10 + 5 = ___
15 + 5 = ___
20 - 1 = ___

Zocita

Jambulani galimoto. Onetsani magudumu, citseko, nyali ndi ciwongolero. Lembani dzina pa ciliconse.

Kwa makolo

Muwerengereni mwana nkhaniyi cigawo cimodzi pa tsiku. Mukatha, iye afotokoze m'mawu akeake. Phunziroli likuonetsa kuti cinthu cakale cimakonzeka ngati nchito icitika mwadongosolo: kujambula, kumasula, kusunga, kutsuka ndi kubwezera. Mungamuonetse zimenezi pokonza njinga, ngolo kapena mpope. Mlekeni asunge manati ndi kuwawerenga.

Amene mumakonza magalimoto pakhomo, samalani izi. Jeke yokha siyokwanira. Ikani zipika zolimba pansi pa chasisi, ndipo tsekerani magudumu ndi miyala. Musalize injini m'nyumba yotseka, pakuti utsi wake umapha ngakhale usakuoneka. Fumbi la mabuleki akale musaliuzire ndi pakamwa. Ena mwa mabulekiwo ali ndi asibesito, amene amaononga mapapo. Linyowetseni, kenaka mulipukute. Oyilo wakutha musamtaye pafupi ndi citsime, dimba kapena mtsinje. Msungeni m'cigubu cotseka, pamalo amene ana sangafike.